Kanyumba ka kuseri kwa mango

Mdzukulu wathu amene amagwira ntchito ku Lilongwe adabwera mwezi wa Ogasiti ndi chipepala chachikulu chopindapinda. Adachiyala pamphasa, n'kutsinjiza miyala m'makona kuti mwera usachiulutse, kenaka n'kuyamba kutilozera: apa pabalaza, apa chipinda chanu agogo, apa cha alendo, apa bafa la m'nyumba momwemo. Ine ndinkangogwedeza mutu. Atafika pa mzere wa mpanda, chala chake chidadutsa pamene pali kanyumba kozungulira ka kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo adanena mopanda kuphethira kuti, "Aka kokha tigwetsa, agogo. Kakunyozetsa pakhomo."

Agogo ake aakazi adali kupeta mpunga pakhonde. Sadayankhe kanthu, koma lichero lidaima.

Sindimudzudzula mwanayo. Akufuna kutimangira nyumba ndi thukuta lake, chinthu chimene ana ambiri sachita. Kungoti usiku umenewo tulo tidandithawa, ndipo ndidayamba kuwerenga anthu amene adagonapo m'kanyumba kameneko. Zala za manja onse zidatha anthu asanathe.

Ndidabadwa mu 1947 m'mudzi wina wa pakati pa Mua ndi Mtakataka, m'munsi mwa mapiri, kumene dzuwa la Okutobala limawotcha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Mudzi wathu udali ndi madenga ngati makumi atatu, ndipo sindikumbuka awiri amene adali ofanana. Dziko la Kachindamoto lidali choncho kuyambira kale, chifukwa lidasonkhanitsa anthu amene aliyense adabwera ndi kamangidwe kake. Achewa adali ndi nyumba zawo zozungulira, zosanjikana molondola mimba ya mayi: agogo apa, ana awo aakazi apo, zidzukulu uko. Angoni, amene adatsika kuchokera kumapiri atalimbana ndi Gomani m'zaka za m'ma 1890, ankakonda khola la ng'ombe pakati, nyumba n'kulizinga. Ayao a kunyanja ankamanga za makona anayi, za khonde lotakasuka, luso limene makolo awo adaliona pa maulendo awo a malonda a kugombe la nyanja yamchere. Ndiyeno mu 1902 kudafika ansembe a White Fathers ku Mua, n'kuyamba kuumba njerwa m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mwana woyenda wapansi kuchokera kumishoni kukafika kunyanja ankadutsa mitundu yonseyi ya nyumba dzuwa lisanafike pamutu.

Koma chimene ndikuchikumbuka kwambiri si kusiyana kwa mitundu ya anthu ayi. N'chakuti m'mudzi umodzi womwewo, msinkhu uliwonse wa munthu udali ndi nyumba yake yomuyembekezera.

Utangoleka kuyamwa, mng'ono wako atabwera, unkasamukira kukuka kwa agogo. Kuka wa agogo anga udali wakuda bii ndi mwaye, wonunkhira utsi, fodya wa mphuno ndi chimera. Tinkagonamo ana asanu ndi awiri pamphasa ziwiri, mbuzi yoyamwitsa ili chakuchitseko kuopa fisi. Nthano zonse zimene ndidadzaphunzitsa ana a sukulu pambuyo pake ndidazimvera mmenemo, moto ukuzilala. Atsikana ankakhalabe kukuka mpaka kukula. Ife anyamata, mawu akangoyamba kukhuthala, amalume ankangoti, "Iwe, wakula tsopano. Kwa agogo ako kwakuchepera." Basi, udziwe kuti nthawi ya gowelo yakwana.

Gowelo sankakumangira munthu. Tidasonkhana anyamata anayi, n'kukwera phiri kukadula nsichi, kusenda luzi la mombo, kumweta tsekera. Akuluakulu ankadutsa, kuyang'ana, n'kupitirira akuseka chamumtima. Gowelo yathu yoyamba idapendekeka ngati munthu woledzera, ndipo mvula yoyamba itagwa tidagona chokhala, aliyense atafunda chiguduli kumutu. M'mawa mwake agogo aamuna adabwera ndi ndodo yawo, n'kuloza denga: "Udzu mwayambira pamwamba, ana inu. Madzi amatsika, sakwera." Tidasasula n'kufoleranso kuyambira m'munsi. Mwamuna aliyense wa msinkhu wanga ankadziwa kumanga nyumba, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: aliyense adayamba waonongapo gowelo. Mmenemo tinkawotcha mbewa ndi chinangwa chakuba, tinkakangana za atsikana, ndipo mmodzi wa ife adaphunziramo kuimba bangwe mpaka mudzi wonse kudandaula. Utitiri nawo udali wathu, tisabise.

Nyumba yoyamba ya malata m'mudzi mwathu adamanga ndi amalume anga aang'ono atabwera ku Joni, kumene adapita ndi Wenela. Ndidali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Malatawo adabwera pa sitima ya pamtunda, ija inkachokera ku Limbe kudzera ku Balaka ndi ku Golomoti kupita ku Chipoka ndi ku Salima. Njanji imeneyi idafika kuno mu 1935, ndipo zambiri zachilendo zimene tidaziona zidabwera nayo. Tsiku limene ngolo idalowa m'mudzi ndi malata aja, ana tonse tidaithamangira, amayi akululutira ngati kwabwera mkwatibwi. Amalume ankayenda pambuyo atavala chipewa ndi jekete, thukuta lili kamukamu.

Nyumbayo idali yokongola, koma Okutobala atafika idasanduka uvuni. Masana amalume ankazemba mwakachetechete n'kukagona m'kuka wa amayi awo, ndipo agogo ankawaseka: "Mwabwera, a ku Joni? Nanga nyumba ya ndalama ija yatani?" Komabe nyumba ya malata ija idatumikira mudzi wonse. Moto ukabuka m'chilimwe, nyumba za udzu zinkapsa motsatizana ngati zikupatsirana, choncho anthu ankakasungitsa kwa amalume zinthu zimene sakadafuna kutaya: mbewu ya chaka chamawa, ziphaso za msonkho, nsalu ya paukwati, thonje loyembekezera msika. Mlendo wolemekezeka akabwera pamaliro ankagona kumeneko. Wailesi yoyamba tidaimvera pakhonde pomwepo, amuna atakhala pamipando ya ndalema, ife ana tili pansi. Amalume ankafuna mthunzi wa amayi awo, amayi awo ankafuna loko wa mwana wawo, ndipo nyumba ziwirizo zidali motalikirana mwakuti munthu akhoza kuponya chitsononkho kuchokera pakhonde lina n'kugwera pa linalo.

Agogo ankasimba kuti kale, pa nthawi ya msonkho wa nyumba umene azungu adayambitsa m'masiku a Harry Johnston, denga lililonse lidali mlandu. Mashelengi atatu sidali ndalama yamasewera kwa munthu wolima mapira. Mesenjala wa boma akamveka kuti ali m'mudzi woyandikana nawo, anthu ankathamanga kulowetsa mbuzi m'tinyumba tina kuti tioneke ngati makola. Agogo ankaseka mpaka kutsokomola akafika pamenepa. Boma linkawerenga madenga ngati kuti denga lililonse ndi banja, osadziwa kuti banja limodzi la kuno limafuna madenga angapo kuti lipume.

Ndidakwatira mu 1970, nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo monga mwa mwambo ndidapita chikamwini kuno kufupi ndi Golomoti, kumene ndikukhala mpaka lero. Amalume ake a mkazi wanga adanditengera kuseri kwa kamtengo ka mango, kamene nthawi imeneyo kankandilekeza m'chiuno, n'kulemba bwalo pansi ndi chala cha kuphazi. "Apa, akamwini. Tione manja anu."

Ndidamanga m'masabata awiri. Nsichi ndidakadula ndekha kumapiri a Mua-Livulezi, ndikusankha mitengo imene chiswe chimaiopa. Alamu anga adandithandiza kumanga mbalo, amayi a m'mudzi adaponda dothi n'kumata, mkazi wanga n'kuzira pansi ndi dothi lakuda la kudambo mpaka kuwala ngati mbiya yatsopano. Denga tidalilukira pansi, monga ankachitira, nsungwi zonse zitakumana pansonga. Tsiku lokweza apongozi adafulula thobwa. Amuna khumi ndi awiri tidalowa pansi pa dengalo, wina n'kuyambitsa nyimbo, ndipo lidanyamuka ngati kamba wamkulu wa miyendo yambiri. Ana a masiku ano amalemba pamayeso kuti mutu umodzi susenza denga, n'kukhoza, koma sadalisenzepo. Ine khosi lidandiwawa masiku atatu.

Ndalama imene ndidawononga pa nyumba yonseyo idali ya mahinjesi awiri ndi loko. Ndikanena zimenezi achinyamata amaganiza kuti ndi nthano. Komatu n'chifukwa chake mnyamata wa nthawi yathu sankachedwa kuyamba moyo wake. Nyumba ya mkamwini inkakhala yaing'ono mwadala. Eni mudzi ankafuna ayambe akuona khalidwe lako, iwenso uyambe waona ngati ukhalitsa. Zikakanika unkanyamula nkhwangwa ndi mphasa yako n'kubwerera kwanu, mkazi ndi ana n'kutsala ndi denga pamutu. Ndikudziwa kuti mwambo womwewu udafooketsa amuna ambiri kumanga nyumba zolimba kuchikamwini, poopa kudzazisiyira ena. Ine ndidauziwanso zomwezo ndi anzanga pamene ndinkaumba njerwa. Ndidaumbabe.

Masiku amenewo Kamuzu sankatopa kunena pamisonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Alangizi a zaumoyo ankayendera midzi kuona ngati pakhomo pali chimbudzi, dzenje la zinyalala, thandala la mbale ndi mawindo. Zambiri mwa izo zidali zabwino, ndipo zidapulumutsa ana. Koma pang'onopang'ono m'mitu mwathu mudalowa ganizo lakuti nyumba yozungulira ndi umbuli, ya makona ndi chitukuko, ya njerwa zootcha ndi malata ndiye kufika. Ine mphunzitsi ndidali patsogolo pa ganizo limeneli. Mu 1984 ndidamaliza nyumba yanga ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha zomangira dothi, simenti ya pansi pokha, malata makumi awiri ndi anayi. Tsiku losamuka ndidauza mkazi wanga kuti kanyumba kaja tikasandutse khola la nkhuku.

Apongozi anga ndiwo adakapulumutsa. Nthawi imeneyo adali atafedwa, ndipo nyumba yawo adali ataisasula monga mwa mwambo. Tidawakonzera chipinda m'nyumba yatsopano, bedi ndi matiresi. Adagonamo masiku anayi. Tsiku lachisanu adauza mwana wawo kuti, "Uwauze aphunzitsi kuti ndathokoza, koma simenti ikundilowa m'mafupa. Ndipo ine kugona kopanda moto sindingathe." Adasamukira kuseri kwa mango, ndipo nyumba ya mkamwini idasanduka kuka. Ana athu aakazi adawatsatira komweko usiku womwewo. Ine ndidatsala m'nyumba ya zipinda zitatu, ziwiri zili zopanda anthu.

Kenaka kudabwera usiku wa pa 10 Malichi 1989. Chimanga chidali chitakhwima m'minda, anthu tikudya mondokwa. Pakati pa usiku ndidamva chimkokomo chochokera pansi, ngati sitima ya katundu yalowa m'nyumba. Malata adalira, mbale zidagwa, agalu ndi ng'ombe zonse pamodzi. Tidatuluka chokwawa. Kutacha tidaona mng'alu kuchokera pamwamba pa chitseko mpaka pansi, wolowa dzanja, ndipo khoma la kumpoto lidali litasiyana ndi linzake pakona. Chivomezi chimenecho chidagwedeza Salima ndi Dedza yense wa kunyanja. Anthu asanu ndi anayi adamwalira, ndipo pafupifupi 50,000 adasowa pogona. M'mudzi mwathu nyumba zimene zidavulala kwambiri zidali zathu zija zonyaditsa, za njerwa zomangira dothi. Kanyumba ka apongozi kadangoyoyoka dothi pang'ono. Nsichi zomangidwa ndi luzi zimavina pamodzi ndi nthaka, pamene njerwa sidziwa kuvina.

Tidakhala mmenemo miyezi iwiri, anthu asanu ndi anayi, popeza dziko linkanjenjemerabe apo ndi apo ndipo palibe ankafuna kugona pansi pa khoma lolemera. Kwa Mchewa, kugona nyumba imodzi ndi apongozi ndi chinthu chosayankhulika. Ine ndinkagona pakhonde, mvula ikamawaza n'kudzikulunga m'thumba la feteleza. M'mawa apongozi ankatuma mdzukulu kudzandifunsa ngati ndadzuka bwino, ngakhale kuti pakati pathu padali khoma la dothi lochindikala ngati chikhatho. Tsiku lina ndidawamva akuuza mwana wawo, mokweza dala kuti ndimve, "Nkhuku zija zikadakhala muno bwenzi tili kuti?" M'mudzi monse zidali chimodzimodzi: a m'nyumba za malata adathawira m'makhitchini, m'magowelo ndi m'makuka. Mudzi ukadakhala wa nyumba za mtundu umodzi, tonse tikadagona pansi pa mitengo.

Sindikunena kuti udzu umaposa malata. Mvula ya chaka china idagwetsa nyumba za zidina m'chigwa muno, madzi atasefukira, ndipo anthu adathawira m'makalasi ndi m'nyumba za simenti. Tsoka lililonse limasankha nyumba yake. Moto umafuna udzu, chivomezi chimafuna njerwa, madzi amafuna dothi, mphepo ya mkuntho imafuna malata.

Apongozi atatisiya, abale adafuna kusasula kanyumbako, koma mkazi wanga adapempha kuti kasiyidwe, popeza sikadali kawo kuchokera pachiyambi. Kuyambira pamenepo sikadakhalepo chaka chathunthu kopanda munthu. Ana athu aamuna adakasandutsa gowelo, n'kumata makoma ndi zithunzi za osewera mpira. Mayi wina wa ku Mozambique, amene adathawa nkhondo ndi ana awiri n'kutsika kuchokera kumalire kudzafuna ganyu, adakhalamo mpaka mtendere utabwerera kwawo. Mphunzitsi wina wachinyamata amene adatumizidwa kusukulu yathu nyumba za aphunzitsi zitadzaza adagonamo zaka ziwiri. Pakadapanda kanyumbako akadabwerera kwawo, ndipo Sitandade 7 ikadakhala yopanda mphunzitsi wa masamu. Mwana wathu wachiwiri banja litamuvuta adabwera ndi katundu pamutu. M'nyumba yaikulu akadakhala ngati mwana, aliyense akumuyang'ana m'maso. Kuseri kwa mango adali ndi chitseko chake ndi mafuwa ake, ndipo adalira payekha mpaka misozi itauma. Mwana amene adabwera naye kumsana ndi yemwe uja wa chipepala.

Ndikamati kanyumba komweko, ena amandiseka, ndipo akulondola. Nsichi ndazisintha katatu, denga sindiwerenganso, dothi amamata chaka ndi chaka. Chimene chatsala cha 1970 ndi malo, chitseko ndi hinjesi imodzi.

Golomoti wa lero si uja ndidamupeza. Kale padali siteshoni, nyumba zochepa za antchito a njanji, msika wa thonje, ndi masitolo a amwenye amene eni ake ankagona kuseri kwa kauntala, mpaka boma lidawalamula kusamukira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970. Lero ndi pamphambano pamene msewu wa m'mbali mwa nyanja umakumana ndi wa Khwekhwerere ndi wa ku Monkey Bay. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala 800, imakoka anthu aganyu nthawi yowokera ndi yokolola. Mu 2022 adatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, ndipo pamene ankamanga malowo kudadzaza anyamata ochokera kutali ofuna pogona. Mmodzi wa iwo adakhala kwathu miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndi amene adatiikira kababu ka sola kamene kakuwalabe pakhonde.

Anthu onsewa amafuna pogona posiyanasiyana. Wina akufuna chipinda chimodzi cha mwezi umodzi, wina nyumba ya banja, msodzi akufuna chisakasa cha bango kugombe pa nyengo ya usipa basi, wapolisi wophunzira ku Mtakataka ali ndi mdadada wake. Midadada ya lendi ya kuseri kwa msika anthu amainyoza, ndipo ina ndi yonyozekadi, chimbudzi chimodzi mabanja asanu ndi atatu. Koma ndikaiyang'ana bwino ndimaona gowelo ya masiku ano. Mnyamata wa kabaza amayambira mmenemo. Namwino watsopano amayambira mmenemo. Kusiyana kwake n'kwakuti gowelo yathu idali poti amayi akhoza kukuitana nsima ikapsa, pamene mdadada uli pakati pa alendo, ndipo pakutha pa mwezi umafuna ndalama.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi m'midzi. Aliyense tsopano akufuna nyumba imodzi yomweyo: zipinda zitatu, malata amtundu, mpanda wa njerwa ndi geti. Boma nalo, pamene lidabweretsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo m'nthawi ya Peter Mutharika, lidali ndi chithunzi chomwechi m'maso. Nyumba yotereyi ndi yabwino, ine ndemwe ndimagona m'yotere. Koma si aliyense angaifike, ndipo amene sangaifike akuchita manyazi kumanga yaing'ono. Yendani kuchokera kuno kukafika ku Mua muwerenge nyumba zimene zidaima pa msinkhu wa windo, zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, chimanga chikumera pabalaza, mwini wake ali ku Joni kusaka ndalama ya malata. Mitengo ya kuphiri yapita m'mauvuni a njerwa zimene zikungonyowa ndi mvula. Nawo udzu wofolera wasowa, popeza madambo adasanduka minda, ndipo mtolo umodzi lero ndi ndalama. Mnyamata ali pakati: yakale sangathe kumanga chifukwa sadaphunzire, yatsopano sangathe chifukwa alibe ndalama. Mapeto ake amakwera minibasi.

Za atsikana ndiye ndiyankhule mosamala. Kuka sudali kumwamba. M'makuka momwemo ndi mmene ana ena ankauzidwa kuti akula, akwatiwe, ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adasiya ntchito ya ulembi ku Zomba n'kudzalowa ufumu mu 2003, adalimbana ndi zimenezi mopanda mantha, ndipo pofika 2016 adali atathetsa maukwati a ana oposa 800 n'kubwezera anawo kusukulu. Koma mwana akachotsedwa kubanja amafuna pogona. Sekondale ili kutali, malo ogonera pasukulu ndi ochepa, ndipo ambiri amakachita lendi pamsika okhaokha, kumene anyamata a ndalama za usipa sagona tulo. Amene ali m'kanyumba kathu panopa ndi mwana wotere, mdzukulu wa mnzake wa mkazi wanga wa ku Mvano, wochokera kumudzi wa kunyanja. Ali Fomu 2, ali ndi khanda. Masana khandalo limakhala kumsana kwa agogo, usiku timaona kuwala kwa tochi kukutuluka pansi pa chitseko mpaka mochedwa.

Kutacha usiku uja umene tulo tidandithawa, ndidamuitana mdzukulu wathu wa chipepala uja pansi pa mango. Sindidafune kumuuza zonsezi, chifukwa achinyamata ukawayambira 1947 maso amapita pafoni. Ndidangomufunsa kumene adafikira atangopita ku Lilongwe.

"Ku Area 18, agogo. M'boyizikota ya bambo ena."

"Bwanji osafikira m'nyumba yaikulu?"

Adaseka. "Ndi ndalama ziti?"

Adandifotokozera yekha mmene mzindawo udayalidwira kuchokera pamene likulu lidasamukira kumeneko mu 1975: mabwana ku Area 10 ndi ku Area 43, apakati kwawo, osauka ku Mtandire ndi ku Kauma. Mlonda ndi wantchito wa m'nyumba amadzuka nkhuku zisanalire kuyenda wapansi kupita kumipanda kumene sangakwanitse kugonako. Iye chidamupulumutsa ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, kamene kadamulola kukhala pafupi ndi ntchito zaka zitatu mpaka ataima payekha. Mayi a pakhomopo ankamupatsa ndiwo akadwala. Ankayankhula akuyang'ana pansi, kenaka adatukula maso n'kuyang'ana kanyumba kaja, pamene matewera adali atayanikidwa pachingwe.

"Komatu agogo, mpanda ukhota," adatero.

Ine ndisanayankhe, agogo ake aakazi adayankhira ali pamtondo, osatembenuka n'komwe. "Ukhote. Malo ano ndi a amayi anga. Agogo ako aamunawa ndi alendo, iwenso nyumba yakoyo ndi yobwera. Iwe udaphunzirira kuyenda pakhonde limenelo, udagwa n'kuchoka dzino pamwala uwo."

Zaka makumi asanu ndi zisanu ndili pamudzi pano, ndipo ndikadali mlendo. Ndidangoseka.

Lole ya mchenga idabwera Loweruka lapitali. Woyendetsa adafuna kukhuthulira kuseri kwa mango, poti ndi pafupi ndi msewu, koma mdzukulu adamuimitsa n'kumulozera mbali inayo. Amisiri akumba kale maziko. Chingwe chawo cha mpanda chikafika pamtengo chimapatuka, n'kuzungulira kanyumba, n'kubwereranso pamzere wake, ndipo kapitawo wawo wandifunsa kawiri ngati sipadalakwike. Udzu wa chaka chino ndagula kale, mitolo khumi ndi isanu, uli pansanja. Ndauza mdzukulu kuti abwere mvula isanayambe adzakwere padenga, ine ndizimulozera ndi ndodo ndili pansi.